Cigwa ca Luangwa: Bala Lakale Limene Silinapole

Munthu amene wakwera galimoto kucokera ku Chipata kupita ku Mfuwe sacedwa kuzindikira kuti akutsika. Poyamba mseu umapyola m'minda ya cimanga, nshawa ndi thonje pakati pa mapiri. Pambuyo pake umayamba kutsetsereka, kamphepo kozizira ka kumtunda kamatha, ndipo pofika ku Malambo m'mwezi wa Okutobala thukuta limakhala liri kamukamu. Chipata ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuyerekeza ndi nyanja yamcere, pamene Mfuwe safika ndi pa mamita 600 pomwe. Kutsidya kwa mtsinje, cakumadzulo, tsiku lopanda utsi wa moto wa m'thengo kumaoneka cipupa cacitali ca mapiri a Muchinga, coongoka ngati kuti wina anacita kucisema ndi nkhwangwa.

Ambiri a ife tinaphunzira kusukulu kuti zigwa zimakumbidwa ndi mitsinje. Pa zigwa zambiri mau amenewa ngoona, koma pa Luangwa ai. Mtsinje wa Luangwa, umene umayambira ku mapiri a Mafinga ndi kukathira mu Zambezi ku Feira, unapeza njira yake itakonzedwa kale. Cigwa cimeneci, cotalika makilomita oposa 500, cinabadwa pamene nthaka inang'ambika, mbali imodzi nkutitimira pansi. Ndipo sinang'ambike kamodzi kokha. Inang'ambika, nkukhala cete zaka zosawerengeka, nkudzang'ambikanso pamalo omwewo. Tsopano akatswiri a miyala atsimikiza kuti kung'ambikaku kukali kupitirira. Conco nkhani iyi si ya ana a sukulu okha. Ikukhudza aliyense amene akuumba njerwa ku Mambwe, ku Chama, ku Petauke ndi ku Mpika.

Nthaka yosenza katundu

Tikaima panja timaona ngati nthaka ndi cinthu cimodzi cosasunthika. Koma cikhungwa colimba ca dziko lapansi ciri ngati mphika umene unasweka, mapale ake nkukhalabe ogundana. Phale limodzi likhoza kunyamula maiko ambiri pamodzi. Mapalewa amayenda pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha ya pansi, ena masentimita angapo pa caka, ena mamilimita okha. Poyendapo amakankhana, amakokana ndi kukhulana, ndipo mphamvu imeneyi imalowerera mpaka pakati pa phale, kutali ndi m'mphepete mwake.

Mai aliyense amadziwa kusiyana kwa nsima yotentha ndi mkute. Nsima yotentha ukaikoka imatamuka, koma mkute ukaupinda umang'aluka. Miyala nayonso iri motero. Ya pansi kwambiri, pokhala yotentha, imapindika ndi kutamuka mwakacetecete. Ya pamwamba, imene kuno kwathu imafika makilomita 30 kapena 40 kupita pansi, njozizira ndi youma. Imapirira katundu zaka mazana kapena zikwi, kufikira tsiku limene imalephera nkuduka mwadzidzidzi. Malo odukawo ndiwo amachedwa mng'alu, ndipo kugwedezeka kumene timamva poduka pake ndico cibvomezi.

Mng'alu uliwonse umaulula mphamvu imene inaupanga. Nthaka ikakokedwa uku ndi uku, mbali imodzi ya mng'alu imatsetserekera pansi, ndipo pamabadwa cigwa. Ikapanikizidwa, mbali imodzi imakwera pa inzake, ndipo pamabadwa mapiri. Ikakhulidwa cam'mbali, mbali ziwirizo zimangodutsana ngati anthu okumana pa mlatho wopapatiza. Dera la Luangwa lalawako mphamvu zitatu zonsezi pa nthawi zosiyana.

Matope amene amasunga mbiri

Malo akatitimira, madzi amathamangira komweko atanyamula mcenga, matope ndi nsangalabwi. Caka ndi caka zimenezi zimayalana, za pansi nkumalimba kufikira zitasanduka miyala. Cigwa cikapitiriza kutitimira, miyalo imapitirizanso kusanjikizana. Motero cigwa cotere cimasunga cokha mbiri yake, muyalo pa muyalo.

Amene anayamba kulongosola kawerengedwe ka mbiri yotere ndi a Nicolas Steno, sing'anga wa ku Denmark, m'caka ca 1669 ali ku Florence m'dziko la Italy. Iwo anaonetsa kuti muyalo wa pansi ngwakale kuposa wa pamwamba, ndiponso kuti matope poyalika amagona mofanana ngati mphasa. Tsono tikapeza miyalo yopendekeka kapena yoduka, tidziwe kuti cinacake cinaisuntha itayalika kale. Pambuyo pake a Steno analandira unsembe, nadzozedwa bishopu m'caka ca 1677, ndipo Papa John Paul II anawaika m'gulu la Odala m'caka ca 1988. Malamulo awo a miyala akugwirabe nchito mpaka lero.

Akatswiri a masiku ano anaonjezera zida zina. Amayang'ana mizera yokalika pa nkhope ya mng'alu, imene imasonyeza kumene mwala unatsetserekera. Amatumiza phokoso pansi ndi kumvetsera m'mene likubwererera, kuti aone miyalo yobisika. Amaimika makina a GPS pa matanthwe kuti ayeze kuyenda kwa nthaka, ndipo amapenda zithunzi za masetilaiti zoonetsa kukwera ndi kutsika kwa malo. Ndi njira zimenezi mbiri ya Luangwa yawerengeka.

Msoko wakale

Pansi pa matope a cigwaci pali miyala yakale koposa. Zaka pafupifupi 1,000 miliyoni zapitazo, mapale a dziko anagundana m'dera limene tsopano ndi kum'mawa ndi kumpoto kwa Zambia, nautsa mapiri aakulu. Mapiriwo anakokoloka kalekale, koma mizu yake iripo, ndipo akatswiri amaicha miyala ya Irumide, kutengera dzina la mapiri a Irumi a ku Mkushi. Miyala imeneyi iri ndi mitsempha ngati thabwa, ndipo mitsemphayo inagona kucokera kumwera cakumadzulo kulowera kumpoto cakum'mawa.

Zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo maiko a kumwera anasonkhana kukhala dziko limodzi lalikulu lochedwa Gondwana, momwe munali Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica. Pa kusonkhanaku miyala inakhulana m'mzera wautali wodutsa Zambia yense, kupyola dera la Mwembeshi kumadzulo kwa Lusaka mpaka kukalowa m'Malawi. Mzera umenewu unatsala wofooka.

Citenje cikatha, cimayamba kung'ambikira pa msoko. Tikayang'ana mapu tiona kuti cigwa ca Luangwa cinagona molondola mitsempha ya miyala yakale ija. Makolo athu anati madzi saiwala khwawa. Mphamvu za pansi pa nthaka nazonso siziiwala pamene zinathyolapo kale.

Kung'ambika koyamba

Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, kumalire a kumwera kwa Gondwana kunayamba kukankhana kwakukulu kwa mapale, kumene pambuyo pake kunapinda mapiri a ku Cape amene akuonekabe ku South Africa. Akatswiri ambiri amaona kuti mphamvu imeneyo inalowerera m'kati mwa dziko ndi kudzutsa misoko yakale. Mbali za misokoyo zinayamba kudutsana, ndipo pamene mzera unakhota, nthaka inakokeka nkutitimira. Motero munabadwa zigwa zotsatizana: ca Luangwa, ca Lukusashi, ca Luano, ca Gwembe mu Zambezi, ndi ca Ruhuhu ku Tanzania. Miyala yonse imene inadzaza zigwazi imachedwa ya Karoo, dzina la dera louma la ku South Africa kumene inayamba kuphunziridwa.

Maonekedwe a pansi pa Luangwa anadziwika bwino m'zaka za m'ma 1980, pamene kampani ya ku America ya Placid Oil inabwera kudzafuna mafuta. Inayeza cigwaco ndi phokoso lotumizidwa pansi, nikumba zitsime ziwiri zakuya. Mafuta sanapezeke, koma cidziwitso cinatsala. Kunaoneka kuti pansi pa cigwa sipanatitimire mofanana. Tiyerekeze bedi limene lathyoka miyendo ya mbali imodzi: mbali yothyokayo yagwa pansi, inayo ikali m'mwamba. Luangwa ali ngati mabedi awiri otere olumikizidwa kumutu ndi kumiyendo, lina logwera mbali iyi, linzake logwera mbali inayo, ndipo pakati pake pali msana wokwera. Kumbali yogwa, miyalo ya Karoo inaunjikana kufika makilomita pafupifupi 8 kupita pansi. Kuya kumeneku kuposa katatu kutalika kwa phiri la Mafinga, lalitali koposa m'Zambia, la mamita oposa 2,300.

Zimene miyalo imanena

Tikawerenga miyaloyi kuyambira pansi, monga anaphunzitsira a Steno, timadabwa. Muyalo woyamba ndi wa miyala yosiyidwa ndi madzi oundana. Malo amene lero akutentha koposa m'dziko muno anali ozizira koopsa, cifukwa Gondwana anali pafupi ndi nsonga ya kumwera ya dziko lapansi. Kuzizira kutatha munamera nkhalango za m'madambo, zimene zinakwiririka nkusanduka malasha. M'Luangwa malashawo ngopyapyala, koma m'cigwa ca Gwembe, cobadwa nthawi yomweyo, ndiwo amene akukumbidwa ku Maamba.

Pamwamba pa malasha pali muyalo wocindikala wa matope a m'nyanja ndi m'madambo, wochedwa Madumabisa. M'menemo muli mafupa osanduka miyala a nyama zimene zinakhalako zaka zoposa 252 miliyoni zapitazo, kusanacitike kufa kwa zamoyo kwakukulu koposa m'mbiri ya dziko. A Frank Dixey, amene anali mkulu wa za miyala ku Nyasaland, analemba za miyala ndi mafupa a kumtunda kwa Luangwa m'caka ca 1937. M'caka ca 1963 a Alan Drysdall ndi a James Kitching anafalitsa zimene anapeza atayenderanso malo omwewo.

Pamwamba pa Madumabisa mbiri imadumpha. Matopewo anayamba akokoloka, kenaka pamwamba pake panayalika mcenga waukali ndi nsangalabwi. Madzi odekha sanganyamule nsangalabwi. Ici ndi cizindikiro cakuti ming'alu inagwedezekanso, mitunda inakwera, ndipo mitsinje inayamba kuthamanga ndi mphamvu. Kenaka kunabwera matope ofiira a Ntawere, a zaka pafupifupi 240 miliyoni. M'menemo munapezeka nyama zimene zinapatsidwa maina a kwathu: Luangwa drysdalli, Zambiasaurus, ndi Lutungutali sitwensis, mbale wa madainoso oyambirira, amene analengezedwa m'caka ca 2013 atapezeka pafupi ndi Sitwe.

Tulo tatitali

Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo Gondwana anayamba kupatukana. Miyala yosungunuka inatuluka m'ming'alu ndi kuyalika m'madera ambiri a kumwera kwa Africa. Miyala yakuda imene madzi a Mosi-oa-Tunya amagwerapo ndi yomweyo. Zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo timapiri ta moto tinaphulika m'dera la Rufunsa, monga pa Kaluwe, kumene misoko ya zigwa imakumana. Pambuyo pake Luangwa anakhala cete. Mvula ndi mitsinje zinapitiriza nchito yake, ndipo popeza miyala ya Karoo njofewa kuposa miyala yakale ya m'mbali, inakokoloka msanga, cigwa nkumaonekerabe. Kufikira posacedwapa mabuku ambiri anali kunena kuti ming'alu ya Luangwa inafa.

Bala lidzukanso

Koma kumpoto kunayamba zina. Zaka 25 mpaka 30 miliyoni zapitazo kum'mawa kwa Africa kunayamba kukokeka, kuyambira ku Ethiopia ndi ku Kenya. Kung'ambikako kunatsikira kumwera, nikupanga nyanja ya Tanganyika, yakuya mamita 1,470, ndi nyanja ya Malawi, yakuya mamita pafupifupi 700. Nthambi ina inapatuka kulowera kumwera cakumadzulo, kudzera ku nyanja ya Mweru, ku Luangwa, ku Kafue ndi ku Kariba, mpaka ku Okavango m'dziko la Botswana. Pofika ku Luangwa inapeza msoko wakale uli pomwepo. Koma tsopano mphamvu yake ndi ya mtundu wina. Kale inali kukankha kocokera kumwera, lero ndi kukoka kopingasa cigwa.

M'caka ca 2021 akatswiri anafalitsa miyezo ya GPS yoonetsa kuti kumwera kwa Africa kukupatuka ku phale lalikulu la Africa pa liwiro losafika milimita imodzi pa caka. Pa moyo wa munthu wa zaka 70, nthaka imatamuka masentimita pafupifupi 5, ngati kupingasa kwa zala zitatu. Zikhadabo zathu zimakula msanga koposa pamenepo. M'caka ca 2022 akatswiri a pa University of Bristol ku England pamodzi ndi a pa University of Zambia anafalitsa mapu a ming'alu yamoyo 18 ya m'cigwa ca Luangwa. Anaizindikira cifukwa yadula mcenga ndi nsangalabwi zimene mitsinje inasiya posacedwa, nkusiya zipupa zoongoka zonga masitepe. Waufupi ngwa makilomita 9, ndipo wautali koposa, wochedwa Chipola, ngwa makilomita 207.

Umboni wina timauona ndi maso. Akasupe otentha a ku Chinyunyu, m'mbali mwa mseu wa Great East, ndi a ku Nsefu m'nkhalango ya South Luangwa, ndi madzi a mvula amene amalowa pansi kwambiri, nkutenthedwa ndi miyala, nkubwerera kumtunda kudzera m'ming'alu.

Zibvomezi zimene tazimva kale

Milimita imodzi pa caka ioneka ngati yacabe. Koma mng'alu suyenda tsiku ndi tsiku. Umagwira zolimba zaka zikwi zambiri, katundu nkumaunjikana, kenaka umamasuka m'kamphindi. Ndipo mng'alu ukakhala wautali, cibvomezi cake cimakhalanso cacikulu. Akatswiri aja anawerengera kuti ming'alu ya Luangwa ikhoza kubala zibvomezi za mphamvu yoyambira 5.8 kufika 8.1. Pa muyezo umenewu, kukwera ndi nambala imodzi ndiko kuculukitsa mphamvu nthawi pafupifupi 32. Zazikulu koposazo zimacitika patapita zaka zikwi zambiri, koma zapakati sizisowa m'dera lathu.

Pa 13 Disembala 1910 cibvomezi ca mphamvu ya 7.4 cinagwedeza dera la nyanja ya Rukwa ku Tanzania, pafupi ndi malire athu a kumpoto. Mu Seputembala 1963, nyanja ya Kariba itangodzala, kulemera kwa madzi kunadzutsa ming'alu ya Gwembe, ndipo kunacitika zibvomezi zofika mphamvu ya 6. Pa 10 Marici 1989 ca ku Salima m'Malawi cinapha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pogona. Mu Febuluwale 2006 ca mphamvu ya 7.0 cinang'amba nthaka ku Machaze m'Mozambique. Mu Disembala 2009 zibvomezi zotsatizana zinagwetsa nyumba zikwizikwi ku Karonga. Kwathu kuno, pa 24 Febuluwale 2017, ca mphamvu ya 5.9 cinaononga nyumba ku Kaputa.

Tione bwino: ca ku Salima ndi za ku Karonga sizinali zazikulu koposa. Cimene cinabvulaza anthu ndi makoma a njerwa zomangidwa ndi dothi, osamangirirana pa ngodya, amene anagwera eni ake.

Nanga ife ticitenji?

Coyamba ndi kudziwa coonadi. Palibe munthu kapena makina amene angachule tsiku la cibvomezi. Amene akuyenda nauza anthu kuti cidzabwera tsiku lakuti akungoopsa anzake. Ndiponso cibvomezi si nchito ya mfiti. Gogo wa kumapeto kwa mudzi alibe mphamvu pa mng'alu umene unayamba zaka mamiliyoni mazana munthu asanaponde dziko. Nyumba ikang'aluka usiku wa cibvomezi, tifunse za kamangidwe kake, tisaloze cala mnzathu.

Caciwiri ndi kamangidwe. Kale makolo anali kugona m'nyumba za mitengo, zomata ndi dothi ndi zofolera udzu. Nyumba zotere zimagwedezeka koma sizipha kawirikawiri, cifukwa nzopepuka. Lero tikumanga ndi njerwa zolemera, ndipo nkoyenera kumanga mwanzeru. Maziko akumbidwe kufika pa nthaka yolimba, kutali ndi mcenga wonyowa wa m'mphepete mwa mtsinje ndi kunsi kwa matanthwe. Njerwa zilumane bwino pa ngodya ndi pokumana makoma. Pamwamba pa zitseko ndi mazenera pazungulire lamba wa konkire ndi zitsulo, amene amisiri amamucha ring beam, pakuti ndiye amagwira makoma kuti asatasuke. Mazenera asakhale aakulu kwambiri kapena oyandikira ngodya. Khoma la nsonga la kudenga limangiriridwe, cifukwa ndilo limayamba kugwa. Denga likhale lopepuka ndi lomangidwa ku lamba uja, osati lotsinderedwa ndi miyala.

Mau awa akhudza makamaka makomiti omanga masukulu, zipatala, maholo ndi machalichi, momwe anthu mazana amasonkhana pansi pa denga limodzi. Ndalama zikacepa, ciyeso cimakhala cocotsa zitsulo ndi kucepetsa simenti kuti nyumba ithe msanga. Nkwabwino kucedwa caka cimodzi kusiyana ndi kumanga khoma lalitali lopanda nsanamira. Zitseko za nyumba zotere zitsegukire kunja, ndipo zikhale zoposa cimodzi.

Cacitatu ndi kuphunzitsa ana. Nthaka ikayamba kugwedezeka muli m'nyumba, gwadani pansi, bisalani kunsi kwa tebulo lolimba kapena desiki, ndipo phimbani mutu. Musapanikizane pakhomo. Kugwedezeka kukaleka, tulukani mwadongosolo ndi kukaima pabwalo, kutali ndi makoma ndi nthambo za magetsi. Zimitsani mbaula. Musafulumire kubwerera m'nyumba yong'aluka, pakuti zibvomezi zing'onozing'ono zimatsatira kwa masiku kapena masabata. Zoonongeka zidziwitsidwe kwa mfumu ndi kwa akuluakulu a boma, kuti uthenga ufike ku ofesi yoona za ngozi ya DMMU ndi ku Geological Survey Department.

Ming'alu ya Luangwa yatipatsa zambiri. Popanda iyo sipakanakhala cidikha cimene mtsinje umakhotakhotamo ndi kusiya matamanda, nthaka yaconde ya m'madimba, mvuu, njobvu ndi nyamalikiti zimene alendo amadzaona kucokera kutali. Anthu a Malambo akhala pamwamba pa ming'aluyi mibadwo yambiri, ndipo adzapitiriza kukhalapo. Cimene casintha ncakuti m'badwo wathu ndi woyamba kudziwa pamene ming'aluyo yagona, kutalika kwake ndi zimene ingacite. Makolo athu sanali kudziwa, ndipo palibe angawadzudzule. Ife tadziwa, ndipo ana amene adzagona m'nyumba zimene tikumanga caka cino akudalira manja athu.